Laimu wa a Anderson pa kasupe wa Nankhwali

Ine ndamwa madzi a m'mayiko ambiri. Ndamwa a ku Beira, a ku Mombasa, a ku Walvis Bay kumene mphepo imakuumitsa milomo ngati usipa wa pathandala, ndipo a ku Hamburg ndinawamwa mano akugundana nditavala majekete awiri. Ndinachoka kuno ku Salima ndili ndi kabudula ndi malaya ongobwereka, ndinatsuka mbale m'sitima za pamadzi mpaka manja anasuwa, ndipo nditabwerako ndinamanga nyumba ya alendo imene mumaiona denga lake lobiriwira mukamatsikira kunyanja. Maboti a injini oimikidwa patsogolo pake ndi anganso. Dzina langa ndi Pitala Chimbalanga. Mukafunsa pa depoti ya maminibasi ku boma, ngakhale woitanira amene wayamba ntchito dzulo akulozerani njira.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti pamene Eveles anandifotokozera za kafukufuku wake, m'mudzi monse muno amene anamva ndinali ine ndekha.

Eveles ndi mwana wa mchemwali wanga. Mutu anatengera kuchimuna kwa mayi ake, ndiko kunena kuti kwa ine. Anaphunzira mpaka anapita ku Jeremani kukachita udokotala wa sayansi ya miyala ndi madzi, ndipo chaka chomaliza cha maphunzirowo anabwera kumudzi ndi mabokosi a timabotolo toyera, totsekedwa ngati mankhwala a m'chipatala.

"Amalume, m'nyanja yamchere muli kashiamu wambiri," anatero titakhala pakhonde. "Yemwe uja amapanga zigoba za nkhono ndi mafupa a nsomba. Funso ndi lakuti amachokera kuti. Wina amabwera ndi mitsinje, wina amatuluka m'ming'alu yotentha ya pansi pa nyanja, wina amalowa mwakachetechete ndi madzi a pansi pa nthaka. Wa kuno kwathu amatsika ndi Shire, n'kulowa mu Zambezi, n'kukafika komwe inu munkatsukira mbale."

"Ndinkayang'anira khitchini," ndinamukonza. "Koma pitiriza. Akasakanikirana m'madzimo umamusiyanitsa bwanji? Ali ndi chiphaso?"

"Ali ndi maisotopu. Kashiamu ndi mmodzi, koma timbewu take tina ndi tolemerapo pang'ono, tina topepuka. Wochokera m'thanthwe lakale la m'phiri amakhala ndi kasakanizidwe kake, wa m'zigoba za nkhono kake. Makina a ku yunivesite amayeza, n'kutiuza kwawo kwa kashiamuyo."

Ndinamva nthawi yomweyo. Musitima munthu akangotsegula pakamwa kupempha mchere, ine ndinkadziwa kuti uyu ndi wa ku Manila, uyu wa ku Zanzibar, ngakhale onse akulankhula Chingerezi chimodzi chothyoka. Ndinamuuza Eveles kuti kashiamu wakeyo ali ndi kalankhulidwe, ndipo iye anati fanizo limenelo akaligwiritsa ntchito ku Jeremani. Ndikukhulupirira kuti pano akuliphunzitsa m'makalasi.

Mitsinje anali ataitunga kale: Linthipe, Lilongwe, Lingadzi, ndi nyanja yeniyeniyo, atakwera boti langa ndi Binali, kapitawo wa maboti anga amene tayenda naye pamadzi kuyambira ndevu zake zisanachite imvi. Chotsala chinali chimodzi, ndipo ndicho chinali mtima wa buku lake lonse la udokotala: madzi a pansi pa nthaka. Kwathu kuno amatulukira pa kasupe wa Nankhwali, amene ali mumchenga m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Miyezi yambiri kasupeyo amakhala womira. Amaoneka pokhapokha nyanja ikatsika kwambiri, cha mu Novembala, ndipo mvula yoyamba ikangogwa madzi ake amasokonekera, kenako nyanja imakweranso n'kumumeza. Akaphonya masabata amenewo, ndiye kudikira chaka chathunthu, anzake akuvala mikanjo ya omaliza maphunziro iye akuyang'ana.

Apa ndi pamene a Anderson Kamwendo akulowera m'nkhani.

A Anderson ndi akulu awo a malemu bambo a Eveles, choncho kwa iye ndi bambo aakulu, kwa ine ndi alamu. Ndi wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'dera lathu, udindo umene anaugwira ngati nkhanu. Ulendo wawo wautali kwambiri m'moyo ndi wa ku Liwonde, kumaliro, ndipo mpaka lero amati kumeneko anthu ndi achilendo. Ali ndi suti imodzi ya bulawuni imene imadziwa misonkhano yonse ya m'boma la Salima kuposa mwini wake. Ndipo ali ndi chikhulupiriro chimodzi chachikulu kuposa cha kutchalitchi: kuti mlendo wolemekezeka asaone mwala wosapaka laimu. Kukabwera mkulu wa zaumoyo, miyala ya m'mbali mwa msewu imayera. Kukabwera a bungwe la zitsime, mitengo ya mango imavala masokosi oyera mpaka m'chiuno. Chaka china anapakitsa chulu.

Tsono anamva kuti pulofesa wa Eveles, mayi wa ku Jeremani, akubwera yekha kudzaona kutunga kwa madzi a pa Nankhwali.

Eveles anawadziwa bambo ake aakuluwo. Anapita kunyumba kwawo, nagwada monga mwa ulemu, n'kunena momveka bwino.

"Bambo, chonde pa kasupe paja pasakhudzidwe. Musasese, musalambule, musachite chilichonse. Tikufuna madziwo monga alili."

"Ndamva, mwana wanga, ndamva," anatero a Anderson, akumwetulira mwachifundo.

Koma kwathu kuno mlendo akanena kuti musavutike, mwini nyumba amathamangitsa nkhuku. A Anderson anaona kuti mwanayo waleredwa bwino, akudzichepetsa, sakufuna kuvutitsa akuluakulu. Ndipo anaganiza kuti kudzichepetsa kotereku kuyenera kulipidwa ndi ntchito yooneka.

Ine ndi Eveles tinanyamuka pa galimoto langa kukatenga pulofesayo ku bwalo la ndege ku Lumbadzi, ndipo tinagona ku Lilongwe chifukwa panali zida zina zoti zituluke m'manja mwa a kasitomu, amene ndimadziwa kulankhula nawo. Pulofesayo anali mayi wamtali, wowonda, wa nsapato za fumbi, wosakonda mawu ambiri. Ndinamulonjera m'Chijeremani cha padoko la Hamburg. Anatsegula maso kwambiri, ndipo Eveles anandipempha kuti mawu amenewo ndisawabwerezenso. Mayiyo anachita chidwi, zinaonekeratu.

Titangokhota kusiya tala, ndinaona mwala woyamba woyera. Kenako wachiwiri. Kenako mzere wonse, mbali zonse ziwiri, mpaka kunyanja. Eveles, amene anakhala kumbuyo, anasuzumira pawindo.

"Mwina athera mumsewu momuno," ndinatero.

Sanathere mumsewu. Pa Nankhwali tinapeza amayi ovala zitenje zofanana akuimba, mipando ya kusukulu itandandalikidwa pamchenga, ndi a Anderson m'suti ya bulawuni ataima ngati mwini ndege imene yabweretsa mlendoyo. Kumbuyo kwawo kunali kasupe. Ndere zonse zinali zitapalidwa. Miyala yozungulira inali mbuu, kuwala mpaka kuthobwa m'maso. Diso la kasupe analimangira mkombero wa simenti, wosalala bwino, ndipo laimu wotsala m'zidebe anamukhuthulira m'dziwemo kuti pansi pake payerenso. Madzi a pansi pa nthaka, amene anayenda mumdima kuchokera kumapiri osakhudzidwa ndi munthu, anali ngati mkaka wosungunula.

Kwa amene sadziwa: laimu ndi kashiamu. Simenti ndi kashiamu. Munthu amene akufuna kumva kalankhulidwe ka mlendo mmodzi wonong'ona anamubweretsera msika wonse wa ku Kamuzu Road tsiku la Loweruka.

A Anderson analankhula nthawi yaitali. Anathokoza boma, anathokoza dziko la Jeremani, anafotokoza mbiri ya komiti kuyambira pamene iwo analowa, ndipo anapepesa kuti nthawi inachepa, akanapakanso ndi mabwato. Pulofesa anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anagwada pa mkombero wa simenti uja, naviika kachida kake m'madzi, nayang'ana nambala imene inatuluka. Anamuonetsa Eveles nambalayo, basi. Azungu a kumpoto kuja ndimawadziwa: akakhala chete chotero, ndiye kuti kwathu kuno munthu akanakhala atagubuduka pansi.

"Bambo," anatero Eveles, mawu ali pansi, "ndinapempha kuti pasakhudzidwe."

"Ndipo sitinakhudze madzi, mwana wanga. Takonza malo okha."

"Mwathiramo laimu."

"Pang'ono, wa ukhondo. Unkafuna mayiyu aone ndere? Aone mapazi a mbuzi? Akakafika kwawo akanene kuti ku Salima anthu amamwa pamodzi ndi achule?"

"Alamu," ndinalowererapo, "mayiyu wawoloka nyanja ndi chipululu kudzaona achule amenewo."

"Inu a Chimbalanga, za kunja mumazidziwa, sitikana. Koma za kulandira alendo musiyire ife amene tinatsala kuno pamene inu munkatsuka mapoto a azungu."

"Ndinkayang'anira khitchini."

Binali, amene anaima pambali atapinda manja, anaseka m'mphuno. "Wallahi, apampando, ngakhale nsomba zathawa. Zikuyesa kuti kwabwera nduna."

Pamene Eveles anawafotokozera pang'onopang'ono, kachiwiri, kuti laimu ndi chinthu chomwecho chimene iye akuyeza, nkhope ya a Anderson inasintha. Osati ndi manyazi. Inawala.

"Ndiye kuti takuwonjezera," anatero. "Umafuna kashiamu, wapeza wambiri. Vuto lili pati?"

Madzulo amenewo pulofesa anadya chambo cha kunyumba yanga ya alendo, chimene anthu a ku Cape Town amachitumizira mauthenga, ndipo anati ali ndi masiku ochepa asanabwerere. Ngati dziwelo lingayere, ayesanso. Mawuwa anafika kwa a Anderson, ndipo a Anderson, munthu wosagona pa ntchito ya chitukuko, anaganiza zokonza cholakwa chawo modzidzimutsa, kuti tidzadzuke tikusangalala. M'mawa tinapeza amayi a komiti atamaliza kale kukwecha miyala yonse. Anakwecha monga amakwechera mapoto: ndi mchenga ndi phulusa. Anasonkhanitsa phulusa la m'makhitchini a mudzi wonse, madengu, n'kutsukuluzira momwemo.

Eveles anakhala pansi pamchenga. Anayamba kuseka, kuseka kosatuluka mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Phulusanso?" ndinamufunsa.

"Phulusanso, amalume. Ndi kashiamu wa mitengo. Tsopano muli wa ku ng'anjo ya laimu, wa ku fakitale ya simenti, ndi wa nkhuni za mudzi uno. Wa kasupe yekha ndiye sindingamupeze."

Ine si munthu woima manja m'thumba. Ndinatumiza Binali kukatenga pampu ya injini imene timapopera maboti, ndipo tinapopa dziwelo tsiku lonse, kulisiya lidzadze, kulipopanso. Ndinalowamo ndekha, buluku nditapinda, munthu amene ndinadyapo patebulo limodzi ndi akapitawo a sitima zazikulu. Madzi anayera m'maso. Koma kachida ka pulofesa sikayang'ana ndi maso. Laimu anali atalowa mumchenga, ndipo mkombero wa simenti unkangotulutsa wake pang'onopang'ono. Ndinati tiuswe. A Anderson anaima pamwamba pake, suti ndi nsapato zomwe, nati chitukuko cha komiti sichiswedwa popanda msonkhano wa anthu onse, ndipo msonkhano umafuna kulengeza m'matchalitchi ndi kumzikiti sabata yathunthu.

Mitambo siinadikire msonkhano. Inaunjikana kumapiri a ku Dedza, ndipo mvula inagwa yamphamvu, yokokolola. Pulofesa anakwera ndege ndi timabotolo topanda kanthu. Nyanja inakwera n'kumeza Nankhwali pamodzi ndi mkombero wake.

Chaka chimenecho Eveles anachitaya. A ku yunivesite anamulola kudikira, koma malo ake ogona ndi thandizo lake kumeneko zinatha, ndipo anatsala kuno. Anapeza ganyu yophunzitsa sayansi pa sekondale ina ku boma, akumakwera kabaza m'mawa uliwonse. Anzake a m'kalasi ankamutumizira zithunzi atavala mikanjo ndi zisoti. Ankaziyang'ana pafoni pakhonde langa, n'kuitembenuza foniyo chafufumimba. Anthu m'mudzi anayamba kumutchula kuti adokotala a mawa. A Anderson ankauza aliyense wofuna kumva kuti makina a mzungu uja anali owonongeka, ndi kuti mayiyo pochoka anayamikira kwambiri kuyera kwa malowo. Anawonjeza kuti chaka chamawa komiti sidzagwiritsanso ntchito laimu, popeza wadzetsa mapokoso. Idzagula penti wa mafuta.

Nditamva za pentiyo ndinadziwa kuti kufotokoza kwatha ntchito. Munthu ameneyu ukanamubweretsera makina a ku Jeremani pakhomo pake, akanawapaka laimu asanawayatse. Vuto silinali kusamva. Vuto linali lakuti kwa a Anderson, aliyense wobwera ndi galimoto ndi mlendo, ndipo mlendo saona zinthu monga zilili. Choncho panafunika kuti pa Nankhwali pasabwere mlendo.

Nzeru imeneyi inali yanga, ndipo sindichita manyazi kunena. M'miyezi ya mwera, pamene mafunde amamenya gombe ndipo kasupe ali pansi pa madzi ofika m'chifuwa, mkombero wa simenti unasweka n'kuchoka wonse, ndi mchenga woyera wa pansi pake womwe. Komiti inati ndi mwera. Ndi zoona kuti mwera unaomba. Ndi zoonanso kuti Binali ndi chitsulo chake chokanulira ankakonda kusambira pamenepo masiku amenewo, ndipo ine ndinkaimika boti pafupi, kuwedza nsomba zimene sizinkadya nyambo. Kenako tinausiya kasupeyo miyezi yonse yotsala kuti adzitsuke yekha.

Chachiwiri, ndinayamba kudandaula poyera, pa sitolo ndi pa maliro, kuti pulofesa walemba kuti afika pa Khirisimasi, ndipo sindikudziwa ngati zipinda zanga zikwanire. Ndikanena chinthu ine anthu amakhulupirira, chifukwa makalata a kunja amafikira kwa ine. A Anderson anaika msonkhano wa penti pakati pa Disembala.

Novembala atafika, nyanja inatsika ndipo Nankhwali anatuluka: wobiriwira ndi ndere, wozunguliridwa ndi mapazi a mbuzi, achule ali m'malo mwawo. M'mawa wina Eveles anavala chitenje chakale cha mayi ake, duku kumutu, mapatapata kumapazi, nasenza ndowa. M'ndowamo, pansi pa nsalu, munali timabotolo take, tosefera ndi magolovesi. Anatsika ndi amayi ena okatunga madzi. Ine ndinakhala patali pa bwato logadabuzika ndi Binali, tikukonza ukonde umene unalibe bowo.

Ali chogwada pa diso la kasupe, a Anderson anatulukira pa njinga. Binali anayamba kunong'ona mapemphero. A Anderson anaima, phazi limodzi pansi, nayang'ana gulu la amayiwo. Anayang'ana msana wa mwana wa mng'ono wawo, mwana amene anamunyamulapo ali wakhanda.

"Amayi inu," anatero, "muzitunga mosamala pamenepo. Malo amenewo ndi a alendo. Mwezi wamawa kukubwera anthu ophunzira."

"Tamva, apampando," anayankha mayi wina, ndipo enawo anaweramitsa mitu kwambiri kuposa mmene ulemu umafunira.

Anapalasa njinga n'kupita. Eveles anatseka kabotolo komaliza, nakaika m'ndowa, nasenza.

Khirisimasi inafika popanda pulofesa, ndipo zitini za penti zinathera pa zitseko za kalasi ya ana aang'ono, chinthu chokhacho chanzeru chimene komitiyo yachitapo. Eveles anali atabwerera kale ku Jeremani. Makina anayeza, ndipo kashiamu wa pa Nankhwali analankhula bwinobwino: sanali wa zigoba za nkhono za mumchenga wa nyanja, monga ena ankaganizira, koma wa matanthwe akale a kumapiri a kumadzulo. Buku linatha. Anamupatsa udokotala wake, mochedwa ndi chaka, ndipo ine ndinaonera mwambowo pafoni nditavala tayi.

Atabwera kudzatichezera, ndinapha mbuzi ndi kuitana mudzi wonse. Buku lake linayenda m'manja mwa anthu, lolemera, la chikuto chakuda. Ambiri ankangoyang'ana dzina la Kamwendo pachikutopo. A Anderson analitsegula tsamba ndi tsamba, akunyowetsa chala, mpaka anafika pa chithunzi cha kasupe, chimene Eveles anajambula m'mawa uja. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndere zinaoneka bwino kwambiri. Pakona panali chule.

"Ichi chaonedwa ndi anthu angati?" anafunsa.

"Aliyense wofuna akhoza kuchiona, bambo. Chili pa intaneti."

"Dziko lonse."

"Eya."

Anatseka bukulo, naliika pampando mosamala, naimirira n'kukonza jekete la suti.

"Unabwera ngati wakuba, osalonjera, n'kujambula mudzi wako usanasambe. Ine ndinakulandira ngati munthu wamkulu. Udokotala umenewu ukhale nawo."

Anachoka nyama asanailawe. Eveles anawatsatira mpaka pa geti, akuitana kuti bambo, bambo, koma sanacheuke. Anabwerera yekha, nakhala pafupi ndi ine, natenga buku lake n'kuliika pamiyendo.

"Adzakhululuka, amalume?"

"Za chule wa pachithunzi uja, ayi," ndinatero. "Idyani, adokotala. Mbuzi iyi ndinasankha ndekha."